Pikapu Yanu Ikumwa Bwanji, Achimwene?

Ku Phalombe mukafuna kuti anthu osadziwana ayambe kucheza, musavutike ndi za mpira kapena za ndale. Ingofunsani mokweza mawu kuti pikapu ya dizilo imayenda makilomita angati pa lita imodzi. Woyamba kuyankha amakhala wakabaza, amene njinga yake ndi yapetulo. Wachiwiri ndi wogulitsa chiwaya. Mwini pikapu amayankha pomalizira, ndipo yankho lake limatengera amene wafunsa. Mukaoneka ngati mukufuna kuigula, galimotoyo simwa n'komwe, imangonunkhiza. Mukaoneka ngati mukufuna hayala, imamwa moti mwini wake sagona tulo.

Nkhaniyi inakula ndi mitengo. Mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Mu Okutobala 2025 anafika pa K3,500, kutanthauza kuti chigubu chimodzi cha malita 20 chinakwana K70,000, ndipo umenewo unali mtengo wa papampu, tsiku limene pampuyo inali ndi mafuta. Wa m'zigubu za kuseri kwa golosale umatengera nkhope yanu ndi kuchuluka kwa masiku amene thanka yakhala isanabwere kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Chiyambire pamenepo, aliyense wa pa Migowi, pa Chiringa ndi pa Boma ali ndi nzeru yake yopulumutsira dizilo, ndipo aliyense amalumbira kuti ya mnzake ndi yabodza.

Chipani chachikulu ndi cha fili. Awa ndi madalaivala amene akangoona kamtsetse amachotsa giya, galimoto n'kumadziyendera yokha. Amene anakhwima m'chipanimo amazimitsiratu injini. Pa siteji ya Migowi pali mkulu wina wa imvi amene amati kuchokera ku Limbe kutsikira kuno kudzera ku Chiradzulu, theka la msewu amayenda ulere. Anyamata amamumvetsera kukamwa kuli yasa. Makaniko wa pafupi pomwepo, amene wakhala akumva nkhaniyi zaka zambiri, anangopukuta manja ndi chisanza n'kunena kuti, “Madala, inu mumapulumutsa dizilo wa m'kapu, ine n'kudzakugulitsani mabuleki a miyezi itatu.”

Makanikoyo sananame. Galimoto ikamatsetsereka ili m'giya, phazi mutalichotsa pamoto, injini imazunguliridwa ndi matayala ndipo pampu imadula mafuta pafupifupi onse. Mukaiika pa fili, injini iyenera kudzizunguza yokha kuti isazime, ndiye kuti ikumwabe. Kuwonjezera apo, ntchito yonse yogwira galimoto imagwera mabuleki, amene amatentha n'kuyamba kufooka. Kuzimitsa injini ndiye kuputa maliro: buleki imauma mukangoiponda kangapo, chiwongolero chimalemera, ndipo m'magalimoto ambiri kiyi akabwerera mopitirira chiwongolerocho chimakhoma. Aliyense amene anatsikapo pa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pamwamba pa matumba pali amayi ndi ana, akudziwa kuti pamenepo si poyesera nzeru zoterezi. Koma mkulu wa imvi uja sanagonje. Anati iye anayamba kuyendetsa makanikoyo asanabadwe, ndipo pa Migowi mfundo imeneyi imatseka mlandu.

Chipani chachiwiri sichilankhula mokweza. Ndi cha osakaniza. Wina akuti kuthira palafini pang'ono m'thanki sikulakwa, chifukwa iye ndi dizilo ndi pachibale. Pachibale alipodi, onse amachokera m'mafuta amodzi a pansi, koma palafini ndi wouma. Pampu ya dizilo ndi manozo ake amadzozedwa ndi dizilo yemweyo akamadutsa, ndiye mukamupatsa wouma zitsulo zimayamba kudyana. Injini zakale, ngati 3L ndi 5L za Toyota zija, zimapirira kwa kanthawi, n'chifukwa chake eni ake amauza anzawo molimba mtima kuti palibe vuto. Tsoka limagwera wa D-4D kapena wa Ford Ranger yatsopano amene wamvera malangizowo, chifukwa manozo a injini zimenezo amagwira ntchito ndi mphamvu yaikulu kwambiri ndipo safuna kalikonse kachilendo. Kumapeto kwake ndi ulendo wa ku Blantyre, pikapu ili pamsana pa lole.

Dizilo wa m'zigubu naye ali ndi nkhani zake. Ogulitsa ake onse amati ndi woyera, wangochoka kumene m'thanki ya galimoto yaikulu. Funso loti m'chigubumo munali chiyani dzulo silifunsidwa. Amayi ena a ku Nambazo akuti chigubu chawo chotungira madzi chinasowa Lachiwiri, Lachinayi anachiona pamsika chikugulitsa mafuta, ndipo anachizindikira ndi chisanza chimene anamangira pachivundikiro. Madzi amamira pansi pa dizilo, ndiye amayamba ndi iwo kufika pampu. Mapikapu ambiri ali ndi kabotolo pansi pa sefa ya mafuta kotchera madzi oterowo, ndipo kali ndi kakoko kotsegula ndi zala. Madalaivala ena amakadziwa tsiku limene nyale yake yayaka padashibodi, ndipo mankhwala awo a nyaleyo ndi kumatapo kapepala.

Tsopano ya eni magalimoto ndi madalaivala awo, imene ndi nkhani yeniyeni ya m'mabala ndi pabawo. Bwana wina wa mapikapu awiri amadandaula kuti Isuzu yake ili ndi khalidwe lodabwitsa: akaiyendetsa yekha imamwa mwaulemu, ikapita ndi dalaivala imabwera thanki ili gwa. Dalaivalayo, pabenchi lina, amati bwana amathira mafuta ongokwana kukafika, n'kuyembekeza kuti galimoto ibwerera ndi mapemphero. Amene amawadziwa onse awiri amati onse akunena zoona. Kapaipi kamene kamakhala kuseri kwa mpando, dalaivala amati n'kothandizira anzake amene mafuta awathera panjira. N'kutheka. Koma zikuoneka kuti m'boma lino anthu othedwa mafuta ndi ochuluka, ndipo onse amakhala pafupi ndi chigayo.

Chodabwitsa n'chakuti m'mikangano yonseyi simudzapeza munthu atatulutsa kope. Njira yodziwira si yovuta. Dzazani thanki mpaka pakamwa, lembani nambala ya makilomita, yendani maulendo anu, dzazaninso, kenako gawani makilomita ndi malita amene alowa. Koma ndani amadzaza thanki ku Phalombe? Hilux yatsopano imalowa malita 80, ndipo pa K3,500 ya mu 2025 ija inali K280,000, ndalama imene mwini wake akaigwira amayamba waganiza za feteleza. Anthu amathira cha K20,000, muvi n'kungosuntha pang'ono ngati wachita manyazi. Komanso m'mapikapu ambiri a matola chowerengera makilomita chinaima kalekale, ndipo muvi wa mafuta umaloza malo amodzi chaka chonse. Dalaivala amayeza ndi kamtengo, kapena kugogoda thanki ndi chala n'kutchera khutu ngati wogula chivwende.

Amakaniko nawo si onse oyera. Pali mwambo umene unazika mizu m'magalaja athu, wochotsa thermostat galimoto ikangofika kuchokera ku Japan kapena ku Joni. Amati chinthucho ndi cha kumayiko ozizira, kuno kumatentha kale. Koma ntchito yake ndi kutsekera madzi mpaka injini ifike pa kutentha kumene imawotcha bwino mafuta. Mukachichotsa, injini imayenda ili yozizira, makamaka m'mamawa wa Juni chiperoni chikatsika m'phiri, ndipo dizilo wina amangotuluka osapsa. Galimoto imene imatentha mopitirira nthawi zambiri vuto lake limakhala rediyeta yodzaza matope kapena fani, osati kachitsulo kosalakwako.

Utsi wakuda nawonso uli ndi oukonda. Mnyamata wina wothandizira dalaivala amanyadira kuti galimoto yawo ikakwera chitunda kumbuyo kumada bii, umboni woti ili ndi mphamvu. Utsi umenewo ndi dizilo amene walipiridwa koma sanapse, mwina chifukwa mpweya ukuchepa, mwina chifukwa manozo akuthira m'malo mopopera. Ndipo mpweya ungachuluke bwanji? Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, msewu uliwonse wopatuka pa tala wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale umakhala fumbi lokhalokha. Ndinaonapo sefa ya mpweya itatulutsidwa m'pikapu yochokera kunyanja ya Chilwa. Makaniko ataigogoda pa tayala, panatsika dothi lofiirira lokwana kudzaza chikhatho, pamodzi ndi makoko a mpunga ndi nthenga ya nkhuku. Mwini wake anafunsa ngati singachapidwe ndi sopo. Inali ya pepala.

Za matayala ndiye anthu sazikonda, chifukwa sizikoma pocheza. Tayala lofooka limaphwatalala pamsewu, limatentha, ndipo injini imalimbana nalo ulendo wonse. Mpweya woyenera unalembedwa pakachitsulo kapena kapepala ka pakhomo la dalaivala, pali nambala ya galimoto yopanda katundu ndi ya yodzaza. Kuno geji yodalirika ndi chidendene: dalaivala amamenya tayala kawiri, n'kugwedeza mutu kuti lili bwino. Ana opopa matayala pa Chiringa amati amadziwa pikapu imene ikubwera kudzapopetsa, ndi imene felemu yayamba kukhudza pansi.

Dzinja limabweretsa zake. Makande a kumunsi, cha ku Mpoto ndi m'mbali mwa Chilwa, akanyowa amagwira tayala osafuna kulisiya, ndipo apo palibe nzeru yopulumutsira mafuta, mumangothokoza mukatuluka. Vuto limabwera pambuyo pake. Dalaivala amakhoma mahabu a kutsogolo kuti matayala onse anayi akoke, akatuluka m'matope n'kuiwala kumasula, ndipo amayenda choncho pa tala mpaka Pasaka, akuzunguza zitsulo zimene zikanapuma. Matope owuma m'mabuleki a kumbuyo nawonso amagwira galimoto mwakachetechete. Mukaima n'kupeza felemu limodzi likutentha kuposa anzake, mwampeza wakuba wanu, ndipo si wa kapaipi uja.

Pali gulu limene silidandaula konse, ndipo ndi limene limakambidwa kwambiri. Chichitikire namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anasakaza kwambiri dera la Nkhulambe ndi malo ena a m'mphepete mwa phiri, magalimoto oyera a mabungwe anachuluka m'boma lino. Anthu amayamikira thandizo, koma maso awo ali pa chinthu china. Akuti msonkhano ukamachitika pansi pa mtengo, dabulokebu imakhala ikulira panja maola onse, mawindo otseka, dalaivala ali m'kati akuzizidwa ndi eyakoni. Agogo ena anafunsa mwaulemu ngati galimotoyo ikudwala, poti ikungobuula osayenda. Madalaivala a matola amaseka nawo, kuiwala kuti iwonso amaliza injini pa siteji ola lathunthu, kuponda moto mwa apo ndi apo kuti okwera aganize kuti inyamuka pompano. Ena ali ndi chifukwa chomveka: ikazima, batire silidzutsa, pafunika amuna anayi okankha.

Anzeru kuposa onse pa nkhaniyi, m'kuona kwanga, ndi amayi a geni ya nandolo, ngakhale kuti ambiri sanagwirepo chiwongolero. Iwo safunsa za makilomita pa lita. Amafunsa kuti thumba limodzi lifika ku Limbe pa ndalama zingati. Nandolo wa ku Phalombe, amene wambiri amakathera ku India, amachoka m'chigwa n'kukwera mtunda, ndiye galimoto imapita yolemedwa pokwera n'kubwera yopepuka potsika. Amayiwa anaona kalekale kuti ulendo wobwera wopanda katundu amaulipira ndi iwo. Ndiye asanakwere amayamba afufuza amene ali ndi simenti, malata kapena makatoni a sopo ofuna kubwera kuno, kuti mtengo ugawike pawiri. Amakananso dalaivala wothamanga. Mmodzi anauza mnyamata wina kuti, “Mwananga, nandolo sachita kuthawa ayi, uyende bwino.” Ndipo n'zoona kuti mphepo imalimbana ndi galimoto mowirikiza liwiro likamakwera, makamaka matumba atasanjidwa kupitirira denga ndi tenti ikukupiza. Amene amayenda 80 ndi amene amayenda 110 amakapezana pamzere womwewo wa sikelo, koma wachiwiriyo wawotcha dizilo wambiri.

Pamene amayiwa amalakwitsa ndi pa kuchuluka kwa matumba. Pikapu zambiri zinapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, matumba 20 a makilogalamu 50. Pa Migowi nambala imeneyo ndi poyambira kukambirana. Dizilo pa thumba amatsikadi mukawonjezera ena khumi, koma masipuling'i, kilatchi ndi apolisi a pamsewu amadzatenga gawo lawo.

Kwatsala mawu amene mwini pikapu aliyense m'boma lino amawaopa kuposa mtengo wa MERA. Amabwera usiku, ndi kugogoda pachitseko. Kwagwa maliro, kapena pali wodwala wofunika ku Holy Family, kapena akwaya aitanidwa ku Mulanje. “Ankolo, galimoto yokha, mafuta tithira ife.” Simungakane, mawa ndi inu. Amathiradi, malita asanu a m'kachigubu kachikasu, pa ulendo wofuna khumi ndi awiri. Bambo wina wa ku Mpasa akuti tsopano anatulukira njira: madzulo aliwonse amachotsa tayala limodzi n'kuika galimoto pa njerwa kuti ioneke yowonongeka. Sabata yatha anthu a pamaliro anabwera ndi tayala lawo.