Bwanji Pampu Ikukana Kudzuka?

Pampu ya sola ya padimba pathu inayamba khalidwe londizunguza mutu. M'mawa dzuwa likangotuluka, mota inkang'ung'udza pang'ono m'chitsime, paipi n'kunjenjemera, kenako zii. Pa kontrola, kabokosi kolamulira mota, kanyali kofiira n'kuyamba kuphethira. Pakapita mphindi zingapo inkayesanso, n'kuzimanso. Koma ikakwana 9 koloko, madzi ankathira m'thanki mpaka madzulo. Ngati yawonongeka, bwanji masana ikugwira ntchito? Ngati ili bwino, bwanji m'mawa ikukana?

Safunsa anadya phula. Mmisiri atabwera mamawa, ndinanjuta pambali pake.

"Achimwene, dzuwa latuluka, mita yanu ikuonetsa kuti magetsi alipo. Ndiye akupita kuti?"

Anandiuza kuti ndisachotse maso pa mita. Mota itangoyesa kudzuka, manambala anatsika nthawi yomweyo. Anati mapanelo amaonetsa mavoti ambiri a magetsi ngakhale kuwala kuli kochepa, koma mota ikayamba kukoka, mavotiwo amagwa. Kontrola ikaona kuti atsika kupyola muyezo, imadula n'kudikira.

"Nanga bwanji kudzuka kumavuta kuposa kuzungulira tsiku lonse?"

"Mota ikamazungulira imapanganso magetsi akeake, okankhana ndi amene akulowa," anatero. "Ikaima, magetsi amenewo palibe, ndiye olowawo amangokhamukira m'makoyilo. Akachuluka, tizipangizo totsegula ndi kutseka magetsi mu kontrola, totchedwa MOSFET, tikhoza kupsa. Choncho imadula tisanapse."

Ndinakumbukira galayinda ya owotcherera zitsulo, yomwe imangodzuka ukadina. Ndinafunsa kuti iyoyo bwanji sifuna kontrola. Anati ili ndi mabulashi, timakala tokhudza mbali yozungulira, tomwe timasintha tokha njira ya magetsi. Mota yathuyi ilibe. Pakati pake pali maginito, m'mbali muli magulu atatu a makoyilo, n'chifukwa chake mawaya ake alembedwa U, V ndi W. Kontrola ndiyo imapatsa koyilo iliyonse magetsi pa nthawi yake, motero iyenera kudziwa pamene maginito afika.

"Imadziwa bwanji, poti mota ili pansi pa madzi?"

Anati mota zina zili ndi timasensa totchedwa Hall, dzina la Edwin Hall amene anatulukira mfundo yake mu 1879. Koma pampu zambiri za m'chitsime zilibe. Kontrola imangomvetsera magetsi aja amene mota imapanga ikamazungulira.

"Koma mwanena kuti ikaima siwapanga. Ndiye poyamba penipeni imamvetsera chiyani?"

Anaika mita pansi n'kundiyang'ana. "Palibe. Imayamba m'chimbulimbuli. Imakokera maginito pamalo amodzi, n'kuwazunguza pang'onopang'ono mpaka itawamva. Mchenga ukagwira pampu, kapena dzuwa likachepa, maginito amatsalira m'mbuyo, kontrola n'kusiya."

Kenako anawerenga kuphethira kwa kanyali n'kuyerekeza ndi kabuku ka pampuyo. Anazimitsa zonse, n'kumasula mawaya a mota, n'kuwapima awiriawiri: U ndi V, V ndi W, W ndi U. Manambala anafanana, kusonyeza kuti makoyilo ndi polumikizira pa m'madzi zili bwino. Anaona sensa ya madzi m'chitsime ndi ya m'thanki. Pomaliza analoza mtengo wa mango. Mthunzi wake unkagwera panelo limodzi mpaka cha m'ma 9 koloko, ndipo mapanelo onse anali mbuu ndi fumbi.

"Panelo limodzi lokha lingaimitse onse?"

"Akalumikizidwa mondondozana, njira ya magetsi ndi imodzi. Limodzi likafooka, onse amabwerera m'mbuyo."

Tinasadza nthambi ziwiri, n'kupukuta mapanelo. M'mawa mwake madzi anatuluka mame asanaume.

Asanapite ndinamuuza kuti mnansi wina anatilangiza kulambalala kontrola, kulumikiza mapanelo ku mota mwachindunji. Anapukusa mutu. Anati motayo singazungulire n'komwe, makoyilo angangotentha mpaka kupsa. Kanyali kaja sindiko vuto. Kamangonena chimene kontrola yaona.

Funso limodzi lokha sanandiyankhe. Kanyali kamalankhula tsiku lililonse pamaso pa ife othirira tomato ndi mpiru, ndipo ife ndife timakhala pafupi nako mmisiri ali kutali. Nanga bwanji kabuku komasulira kuphethira kwake sikanalembedwe m'chinenero chathu?