Ndinati Ndithana Nazo Ndekha

Mlandu wonse ndi wa pakamwa panga. Anti amene amatithandiza pakhomo atapempha kuti apite kwawo ku Ntcheu kukadwazika mayi awo, bambo a kunyumba anafunsa mwaulemu ndithu kuti, "Amayi, bwanji tiitane mng'ono wanu adzakhale nafe kaye? Paja ine sabata yamawa ndili ku Mzuzu." Ine ndinaseka. Ndinaseka kuseka kwa munthu wa digiri yake, woyendetsa galimoto yake, amene ku ofesi amapanga bajeti ya dipatimenti yonse pa Excel, ndipo ndinawayankha kuti kusesa, kuphika ndi kusambitsa ana awiri si mayeso a MSCE ayi, amayi anga anatilera akutunga madzi kudambo ndi kukonola pamtondo, ndiye ine wa mpopi m'nyumba ndi firiji yomwe ndilephere chiyani? Bambowo anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kuonera mpira wawo.

Zoti m'nyumba mwanga momwe sindinkadziwa pamene pamakhala mpeni wakuthwa, sindinanene. Sindinkadziwanso kuti thumba la chimanga la makilogalamu 50 timalidya nthawi yaitali bwanji, kapena kuti masokosi a sukulu amachapidwa liti kuti Lolemba apezeke ali ouma. Zinthu zimenezi ndinkangoziona zitachitika kale, n'kumadziyamikira kuti ndine mayi wadongosolo.

Monga munthu wa mu ofesi, ndinayamba ndi timetable. Ndinaisindikiza yamitundumitundu n'kuimata pa firiji: 4 koloko kudzuka ndi kupemphera, 4:20 kulimbitsa thupi, 5 koloko phala ndi kusita, 6:15 kunyamuka ku Area 25 tisanatsekeredwe mumzere wa galimoto wa pa Kanengo, 7:30 kukhala pa desiki ku City Centre ndikumwetulira. Madzulo ndinasiyako ola lathunthu, ndipo ndinalembapo ndi zilembo zobiriwira kuti "me time". Nzeru zonsezi ndinazitola pafoni, kwa azimayi a pa Instagram aja amene amaphika chakudya cha sabata yonse tsiku limodzi atavala zoyera, osadontheza ngakhale kadontho ka supu. Amati meal prep.

Lamlungu ndinalowa mumsika ndi mtima wa meal prep womwewo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amati gula zambiri lero poti mawa zikwera, ndiye nyemba za kholophethe ndinagula makilogalamu asanu n'kuziviika zonse kamodzi mu poto wamkulu. Ine zoti nyemba zikamwa madzi zimafufuma mpaka kuwirikiza sindinkazidziwa. Nditabwerako kukhitchini ndinapeza chivundikiro chili pansi, nyemba zakwera, zasefukira, zina zagubudukira kunsi kwa kabati, ndiye ndinazigawa zina mu ndowa, zina mu beseni losambitsira mwana, n'kuyatsa mbaula panja ndi hotplate m'nyumba nthawi imodzi, n'kumathamanga uku ndi uku ndi mthiko m'manja, kenako ndinati ndikhale pansi mphindi ziwiri zokha kuti miyendo ipume, ndipo chimene chinandidzutsa ndi mayi a nyumba yoyandikana nayo akugogoda pa geti kufunsa ngati tonse tili moyo. Fungo la nyemba zopserera silichoka msanga. Limalowa m'makatani, m'mawigi, mpaka mu yunifolomu ya ana.

Zimene zinapulumuka ndinazithira m'zigoba za majarini, zofanana zonse, osalembapo kanthu chifukwa ndinkakhulupirira mutu wanga. Ndinaphikanso nsima ya masiku angapo n'kuiika mu freezer. Musadzayese. Nsima youma ndi chisanu ikasungunuka imanyenyeka n'kumatuluka madzi, ndipo wamng'ono wanga ataiyang'ana m'mbale ananena motsitsa mawu kuti, "Amama, nsimayi ikulira."

Timetable ija inafa Lolemba lomwelo. Alamu ya 4 koloko ndinaimva bwinobwino, ndinaithimitsa ndi chala changa chomwe, ndipo ndinadzuka kutayera. Zolimbitsa thupi zinachitika inde, koma pothamangitsa mwana wa thovu kumutu kuzungulira tebulo. Ku ofesi ndinalowa chozemba, ndadzola nsidze imodzi.

Madzulo ena tinafika pakhomo kuli mdima. Ndinayatsa kandulo, n'kukhazika ana pansi, n'kuyamba kuwaphunzitsa monga mayi wodziwa zinthu: kuti magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, kuti madzi akachepa kapena zinyalala zikatseka makina timagona mumdima, kuti mu January 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira dziko n'kukhala miyezi yambirimbiri likugawana magetsi. Ndinalankhula bwino kwambiri. Ndili pakati pofotokoza za ma megawatt, wamkulu uja, wa Sitandade 4, anati, "Amama, nanga bwanji kwa aneba TV ikulira?" Ndinasuzumira pawindo. Mzere wonse unali ngwee, mdima unali wathu tokha. Mayunitsi anali atatha kuyambira m'mawa, ndipo ndinazindikira kuti zaka zonsezi mita ija imayang'anidwa ndi anti, ine ndimangouzidwa kuti "Madam, atsala pang'ono." Ndinagula pafoni, ndinatuluka ndi tochi ya foni yomweyo, ndinalowetsa manambala, mita n'kukana, ndinalowetsanso, n'kukananso, ndikutukwana chamumtima, mpaka mwana yemweyo anandionetsa kuti ndikulowetsa nambala ya risiti, pomwe tokeni ya manambala 20 ili m'munsi mwake. Magetsi atayaka ndinatsegula firiji. Kutentha kwa October kunali kutagwira kale ntchito yake, ndipo theka la meal prep linali litasasa, likuchita thovu.

Munthu wanzeru akanaimbira mng'ono wake usiku womwewo. Ine ndinati vuto ndi system, ndiikonza.

Ku ofesi ndinali nditalengeza kale kuti masiku ano sindigulanso tchipisi cha pa chiwaya, ndimabwera ndi chakudya chakunyumba, ndipo ndinali nditalangizako atsikana awiri a ku accounts kuti moyo ndi planning. Nthawi ya nkhomaliro inakwana, tonse tili kukakhitchini ka ku ofesi, ine n'kutulutsa chigoba changa mwamatama, n'kutsegula pamaso pa onse. Munali sopo waufa. Anti amasungira sopo m'chigoba cha majarini, ndipo ine ndi manja angawa ndinachinyamula Lamlungu lija n'kuchiika mu firiji pamodzi ndi zinzake. Ndisanapeze bodza loyenera, foni inalira: aphunzitsi a wamng'ono uja, akufunsa mofatsa ngati mwanayu anazolowera tsabola, chifukwa wakhala akulira ndi kumwa madzi chiyambire break. Ndiwo zanga za kambuzi zinali zitapita ku nursery.

Za Cultural Day ndimafuna ndisanene, koma anthu anajambula, ndiye palibe chobisa. Pa gulu la WhatsApp la makolo pamabwera mauthenga ambirimbiri, mapemphero a m'mawa, otsatsa mazira, ofunafuna juzi yotayika, ndipo ine ndimawerenga ndi diso limodzi ndili pa roundabout. Ndinaona kuti Lachisanu ana avale zachikhalidwe. Magazi a Chingoni anawira. Ndinagona pakati pa usiku ndikudula katoni kupanga chishango, ndinachipaka polishi wa nsapato, ndinazula nthenga pa chofufutira fumbi n'kuzisokerera pa lamba wakumutu, ndinadula kachikopa pa handbag yanga yakale, ndipo m'mawa mnyamata wanga anatsika galimoto pa geti la sukulu ali chifuwa pamtunda, mikanda pakhosi, chibonga cha mthiko m'manja, ine ndikumukuwira kuti aponde mwamphamvu ngati kwathu. Ndinaona ndithu kuti ana ena onse ali mu yunifolomu. Mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinati makolo a masiku ano alibe nazo ntchito za chikhalidwe. Ndinawamvera chisoni. Ndinafika ku ofesi, ndinakhala pansi, ndinatsegulanso uthenga uja kuti ndiutumize kwa bambo ake, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaona deti. Linali Lachisanu la sabata yotsatira. Tsiku limenelo kunali mayeso a masamu, ndipo mwana wanga analemba atavala nthenga. Madzulo sanandilankhule mpaka pa Kanengo, pomwe anangoti, "Amama, musamawerenge mothamanga."

Kenako wamng'ono anatentha thupi, ndiye ndinapempha kugwirira ntchito kunyumba. Kunali msonkhano wa pa Zoom ndi anzathu a ku Nairobi ndi ku London. Ndinavala bulauzi yabwino kumtunda, chitenje chakale kumunsi, ndinapereka gawo langa m'Chingerezi chosalala, n'kudina mute. Ndimati ndadina. Wodwala uja, mankhwala atayamba kugwira, anali atakwera pa windo, ndipo ine ndinakuwa ndi mawu amene ndimasungira pakhomo pokha kuti, "Iwe! Tsika msanga! Ukagwa pamenepo ndidzakukwapulanso pamwamba pake! Ndipo ndani wakodzera pa sofa apa?" Kunja kwa dziko kunangoti zii. Mayi wina wa ku London anafunsa mokoma mtima ngati ku Lilongwe kuli funso. A ku ofesi kwathu onse anathimitsa makamera nthawi imodzi, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Bwana anangolemba pa chat kuti, "Amayi, mic." Pofuna kudina mute weniweni ndinaimirira, chitenje chija n'kuonekera dziko lonse, ndi chithunzi chake cha msonkhano wa amayi a kumpingo chili pamimba.

Apa ndiye ndinati ndikufunika kupuma. Koma tchuthi ndinalibe. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa ife ogwira masiku asanu pa sabata masiku 15 a tchuthi pa chaka, ndipo anga anali atapita kale, osati kunyanja kapena pabedi, koma ku sikelo ya mwana, ku misonkhano ya makolo, ku maliro, ndi ku chinkhoswe cha msuweni kumene ndinali wa komiti ya zophika, ine yemweyu. Chotsala chinali holide ya pa 15 October, Tsiku la Anakubala, pamene theka la Lilongwe limatsikira ku Salima. Bambo anali atabwerako ku Mzuzu, ndipo anati, "Amayi, bwanji mungogona tsiku limenelo, ana ndiwatenga ine?" Ndinakana. Ndinati mayi wamakono sagona pa holide, amapanga memories.

Tinanyamuka mochedwa chifukwa ndinkafunafuna makiyi amene anali m'manja mwanga. Pa Chezi ndinagula tomato ndi anyezi wambiri ngati kuti tikupita ku ukwati, pa Mvera ndinakumbukira kuti zosambira za ana zatsala pa chingwe, ndipo tinafika ku Senga Bay dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuotcha, malo onse amthunzi atatengedwa. Laputopu ndinaitenga, poti panali lipoti la deadline. Buku ndinalitenganso, la me time. Sindinatsegule chilichonse mwa ziwirizi. Ndinayala chitenje pansi pa kamtengo, ndinati nditseke maso pang'ono kuti ndimve mafunde, ndipo ndinadzuka dzuwa likupendeka, kukamwa kuli yasa, tsaya lili mchenga wokhawokha, mthunzi utasamuka kalekale. Ana anasambira ndi zovala zamkati, anakwera bwato, anadya, anasangalala kwambiri. Memories anapanga ndi bambo awo. Ine ndilimo m'chithunzi chimodzi chokha, chakumbuyo, ndikuoneka ngati thumba la makala limene lagwa pa njinga.

Pobwerera ndinati ndiwombole ulemu wanga pogula nsomba. Ndinasankha chambo chonona ndi kampango mmodzi, ndinanenerera mtengo mpaka mnyamata wogulitsayo anaseka, ndipo iye anatenga kachingwe kuti amangirire nsombazo pa galasi lakunja la galimoto, monga amachitira aliyense wochokera kunyanja, kuti ziziwombedwa mphepo m'njira. Ndinamuletsa. Ndinati, "Ayi achimwene, ife tili ndi cooler box." Anafunsa ngati muli ayisi. Ndinati tigula kutsogolo. Bambo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ayisi sitinagule, tinafika usiku, ana ali m'tulo, wina ndinabereka ine wina ananyamula bambo ake, tomato ndinatsitsa, laputopu ndinatsitsa, ndipo bokosi lija linatsala mu buti, litatsekedwa bwinobwino.

Mawa lake munali kafungo. Ndinati ndi nsapato za ana zonyowa. Mkuja lake kafungo kanakula, ndinati mwina khoswe wafera mu injini, ndinagula kamtengo konunkhira kopachika pa galasi, kenako tiwiri, ndinapopera perefyumu wanga wa ku ukwati, ndipo zonsezi zitasakanikirana ndi dzuwa la pa car park ya ku ofesi zinabala chinthu chimene chilibe dzina. Tsiku limenelo ndi limene Bwana anati galimoto yawo ili ku garaja, ndiwaperekeze ku msonkhano ku Capital Hill. Ndikanatha kunamizira mafuta. Ndinati, "Palibe vuto Bwana, kwerani."

Anakwera, anamanga lamba, anakhala chete. Anatsitsa galasi pang'ono, kenako lonse, kenako anatulutsa kampango kam'thumba n'kumachita ngati akupukuta thukuta la pamphuno, ine ndikulongosola za khoswe ndi mmene makoswe a ku Area 25 amakondera mawaya a galimoto. Titaima pa geti, ntchentche zobiriwira zinali zitatipeza kale, zikuzungulira kumbuyo kokha. Mlonda anati titsegule buti. Bwana anatembenuka nati, "Amayi, kodi mumapangako geni ya nsomba?" Mutu wanga unabwerera ku Senga Bay, kwa mnyamata uja ndi kachingwe kake m'manja.

Mlonda sanamalize kuyang'ana, anangotikupiza ndi dzanja kuti tidutse. Anyamata a ku car wash anandilipiritsa kawiri, ndipo cooler box anati sangaitsuke ngakhale nditawapatsa ulere. Bwana sanaitchulenso nkhaniyi, ndi munthu waulemu. Kungoti masiku ano kukakhala msonkhano ku Capital Hill amanyamuka msanga wapansi, akuti adokotala anawauza kuti aziwongola miyendo.