A Nalifo amagona kuchipinda

Loweruka lapitali ndinapita kumsika kukagula loko. Loko wamba, uja wa Tri-Circle wobwera ndi makiyi atatu, awiri n'kusowa sabata yomweyo. Mnyamata wa pa hadiweya atatchula mtengo ndinacheuka, kuyesa kuti akulankhula ndi munthu wina amene akugula chitseko chonse ndi felemu yomwe. Ayi ndithu, amanena ine. "Madala, ndi dola," anatero, maso ali pa foni. Chigwetsereni ndalama yathu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse kuno ndi dola. Ngakhale bonongwe womera yekha kudzala, ukafunsa chomwe wakwerera, akuuza kuti ndi dola.

Ndinagulabe. Ameneyu ndi loko wa nambala 8 kulowa m'nyumba mwanga. Kuti mumvetse chimene munthu wa malipiro ngati anga akuchita ndi maloko 8, ndiulule tchimo limene akulu a mpingo sanalimve. Ine ndili pa mitala.

Akazi aakulu ndi mayi a Tadala, amene tinadalitsa ukwati kutchalitchi, anthu n'kudya mpunga. Aang'ono ndi njinga yamoto yofiira ya mtundu wa Lifo. Dzina loti Nalifo sindinatche ndine. Anatcha mayi a Tadala tsiku limene anandipeza ndikupukuta thanki ndi chitenje chawo chatsopano. "Bambo a Tadala, ine zaka 14 m'nyumba muno simunanditsukepo ndi kumsana komwe. Koma a Nalifo mpaka m'masipoko!" Chowapweteka kwambiri n'chakuti ndalama yogulira njingayo anakongola ndi iwo ku banki m'khonde. Ndiye kuti malowolo a mkazi mnzawo analipira okha, chiwongoladzanja chomwe.

Kunena chilungamo, a Nalifo amene ali pakhomo panowa ndi achiwiri. Oyamba anathawitsidwa.

Unali usiku wa mvula mu Febuluwale. Ankagona pakhonde, nditangokhoma handulo basi, poti ndinkati anthu a m'dera lathu ndi opemphera. Kutacha ndinapeza kadontho ka oyilo ndi mkukuluzi wa tayala wolunjika kumpanda. Akuba njinga sailiza pakhomo pako. Amainyamula awiri kapena atatu ngati chitanda, kapena kuthyola loko wa handulo ndi phazi limodzi, n'kuikankha mpaka kuseri kwa chigayo, kenaka ndi pamene amaponda kiki. Galu wanga Alekeni, amene amauwa ngakhale mthunzi wa papaya, usiku umenewo anatsata dzina lake. Aneba, anyamata olondera aja timawasonkhera mwezi ndi mwezi, akuti anali mbali ya kumtunda. Nthawi zonse amakhala mbali ya kumtunda, kupatula pa 30, pamene nyumba yanga amaipeza popanda wowalozera.

Ndinapita ku polisi wapansi, monga ayenera kuyendera mwamuna wothawidwa. Polisi yake sindiitchula, poti ndidzafunanso kupitako. Bwana amene ndinawapeza pa kauntala anali munthu waulemu ndithu. Anatsegula chibuku, nayesa bolopeni pachikhatho.

"Nambala ya njinga, bambo?"

"Inalibe, bwana."

"Mapepala ake?"

"Tinali tikukonza, bwana."

"Nambala ya chesisi? Ya injini?"

Ndinayang'ana kudenga. "Bwana, inali yofiira."

Bwanawo sanaseke. Anangonditengera pawindo n'kundilozera kubwalo la kuseri, kumene kunali njinga zolandidwa pamsewu, zitatsamirana ngati ng'ombe pa dibi. Zonse zofiira. Ndinayesa kuwonjezera kuti a Nalifo anali ndi chipsera pa thanki, ndiponso kuti m'mawa amatsokomola kawiri asanalire. Analemba, koma ndinaona kuti bolopeni ikuyenda mwaulesi.

Kenaka linabwera funso lija limene aliyense woberedwa amalidziwa: "Nanga inu mukuganizira ndani?" Kwathu kuno woberedwa wanzeru amapita ku polisi atanyamula wakuba wake. Ukapita chimanjamanja ngati ine, umaoneka wosakonzeka.

Ndinapempha kuti akaone pamalo. Galimoto inalipo, itaima bwinobwino pamthunzi, koma inalibe mafuta. Tinagwirizana zokwera kabaza. Choncho ine, munthu woberedwa njinga yamoto, ndinalipira njinga zamoto ziwiri, kupita ndi kubwerera, kuti bwana akaone pamene panali njinga yamoto. Atafika anayang'anitsitsa kadontho ka oyilo kaja, nayang'ana mpanda, nayang'ana Alekeni, napukusa mutu. "Apa ndiye anaba ndithu." Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa mpaka nthawi imeneyo ndinali ndisanatsimikize. Anandiuza kuti kafukufuku ali mkati. Mpaka lero ali mkati. Chimene analowamo sindichidziwa, koma chioneka kuti chili ndi loko wabwino kuposa wanga.

Pobwerera ndinadzifunsa bwinobwino, ndipo mlandu ndinaupeza pa ine ndemwe. Ine ndi a Nalifo tinangolowana. Panalibe ankhoswe, panalibe mtchatho. Ndinawatenga kwa mkulu wina amene anawatenga kwa mkulu wina amene anawalowetsa kuchokera ku Mozambique. Amene anayendapo pa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu akudziwa mmene malire athu alili: pa Lizulu ukawoloka msewu kukagula kabichi, wapita kunja kwa dziko. Mkwatibwi wolowera pamenepo safuna pasipoti, ndipo akafuna kubwerera kwawo usiku palibe womufunsa.

Lamulo la maukwati la 2015 lili ndi chifundo: mwamuna ndi mkazi akakhala limodzi zaka 5, khoti litha kuvomereza kuti ndi banja ngakhale sanapite kwa abusa. Njinga ayi. Ungagone nayo zaka 20, boma silikudziwani. Kuti ukwati wa njinga udalitsidwe, uyambe wakaonekera ku MRA za msonkho, upite ku Road Traffic, ugule nambala, udule inshuwalansi, iwe mwini ukhale ndi laisensi. Ndinawonkhetsa zonsezi kuseri kwa kalendala, n'kupeza kuti chinkhoswe chokha chikufuna ngongole ina ku banki m'khonde. N'chifukwa chake pa siteji yathu ya kabaza njinga ya nambala imaoneka ngati mlendo wochokera ku boma.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinadikira miyezi 9, n'kugwada pamaso pa mayi a Tadala, n'kutenga mng'ono wawo wa othawa aja. Nawonso ofiira. Nawonso, pepani, tinangolowana, koma tikukonza.

Ulendo uno ndinamvera malangizo a munthu aliyense. Nambala ya chesisi ndi ya injini ndinazilemba m'Baibulo, patsamba lija la mayina a ana, pansi pa Tadala. Ndinawajambula a Nalifo kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali ngati wopita ku Joni. Ndinagula tcheni chokokera thilakitala. Wowotcherera anandipangira chingwinjiri chachitsulo chimene ndinachikwirira ndi simenti pansi, alandilodi ali kumaliro. Tcheni chimadutsa mu felemu, osati m'tayala lokha, chifukwa tayala amangolimasula n'kukusiyira ngati chikumbutso. Usiku ndimazula kapu ya pulagi n'kuitsamira. Makaniko anandiikira switchi yobisika yodula moto, ndipo anaibisa mwaluso kotero kuti Lolemba lotsatira ndinakankha njinga mpaka kwa iye kukafunsa pamene ili. Ndinaikanso alamu. Alamuyo sinalirepo chifukwa cha wakuba, koma imalira mphaka akadutsa, imalira kukagunda bingu, ndipo imalira kwambiri mayi a Tadala akadzuka usiku kupita panja, zimene iwo amati ndi mwano wa mkazi wamng'ono.

Pomaliza ndinagula kachipangizo kolondolera njinga pa foni, kaja amati tracker. Kamafuna simu khadi, ndipo simu khadi imafuna chiphaso cha unzika. Ndiye taonani: a Nalifo ali ndi nambala ya foni yolembetsedwa bwinobwino, koma nambala ya pamsewu alibe. Bandulo yawo ndimagula isanathe. Ya mayi a Tadala ndimagula akakumbutsa kachitatu.

Poyamba ankagona pabalaza. Koma pabalaza pali windo loyang'ana kunjira, ndipo ine tulo sindinkatipeza. Ndinatulutsa wadirobu, n'kulowetsa a Nalifo kuchipinda, pakati pa bedi ndi khoma. Kuyambira pamenepo malamulo a m'nyumba anasintha. Magetsi akazima, kandulo ndi yoletsedwa, kaamba ka petulo. Koyilo ya udzudzu ndi yoletsedwa. Neti ili imodzi, ndipo imafika mpaka pa handulo, kusiya mapazi a mayi a Tadala panja. Zovala zawo za ku mapemphero a amayi zimanunkha ngati pa filing'i sitesheni, moti nthawi imene mafuta ankasowa, anthu akugona pamizere ndi zigubu, mayi wina anawatengera pambali kuwafunsa ngati tikugulitsa.

Apongozi atabwera kudzacheza anapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu anaitana mwana wawo. "Kodi iwe, chotsokomola m'mawa kuchipinda kwanu n'chiyani? Akamwiniwa mwapita nawo kuchipatala?"

Nkhani inafika kwa ankhoswe. Dandaulo la mayi a Tadala linali limodzi lokha: "Akadzidzimuka usiku, dzanja limayamba lapapasa a Nalifo. Ine atandiba, adzadziwa m'mawa pofuna madzi osamba." Ndinayankha kuti iwo sangabedwe chifukwa ali ndi mtchatho, ndipo aliyense akuwadziwa mwini wake. Yankho limeneli silinathandize. Ankhoswe anatilangiza kuti banja ndi kupirira, anadya nkhuku, kenaka anapempha kuti a Nalifo akawatule ku depoti mwaulere.

Tsono maloko onsewa amagwira ntchito usiku wokha. Masana a Nalifo amayenda ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata amene anakhoza Folomu 4 bwino lomwe, nayenda ndi envulopu m'maofesi zaka ziwiri mpaka nsapato kutha. Iye ndiye amachita kabaza, madzulo n'kubweretsa ya tsikulo. Ndipo akuba enieni masiku ano salimbana ndi tcheni. Amaifuna njinga ili yotsegula kale, ikulira, mafuta ali m'thanki. Amabwera cha m'ma 7 madzulo atavala jekete yabwino, satsutsa mtengo, amatchula malo a kuseri kwa minda. Pofika pamdima, chingwe m'khosi kapena hamala m'mutu. Pa siteji yathu tinaika mnyamata mmodzi chaka chatha. Anamupeza m'chimanga, chisoti chili poteropo. Anasiya mkazi ndi khanda, ndi ngongole ya njinga imene mwini wake ankafunsabe pa maliro pomwepo.

Apolisi amalangiza akabaza kuti aziweruka kusanade ndipo asamanyamule anthu osawadziwa. Malangizo abwino. Koma madzulo ndi pamene anthu amaweruka kuntchito, ndi pamene pali ndalama, ndipo kabaza wonyamula abale ake okhaokha afa ndi njala. Bwana wa pa kauntala uja sindimuda: munthu wopanda mafuta, wopanda nambala yoti afufuze, achite chiyani? Chimene chimandiwawa n'chakuti dziko limene linatha kulemba simu khadi iliyonse, mpaka ya agogo akumudzi, likulephera kupeza njira yotchipa yolembera chinthu chimene chikudyetsa mabanja ochuluka chonchi. Njinga yopanda chisoti apolisi amaiona ili kutali, nkhani n'kuthera pambali pa msewu. Njinga ya mnyamata wophedwa imadutsa pa malo omwewo, chifukwa wakubayo wavala chisoti. Boma limakumbuka njinga tsiku lofuna ndalama, ndipo anthu akatopa amakumbuka tayala ndi machesi, n'kuotcha munthu amene mwina sanabe n'komwe. Nafenso tisadziyeretse. Kabuleta yotchipa ija ndinagula mwezi watha, sindinafunse kumene inachokera.

Ikangokwana 6 koloko ndimayamba kumuimbira mwana wa achemwali anga uja. Akachedwa, amene amayamba kukaima pageti ndi mayi a Tadala, atagwira m'chiuno. Amati akudikira ndalama ya ndiwo.

Koma ndinayamba ndi nkhani ya loko. Lachisanu usiku ndinaona kuti tayala lakutsogolo la a Nalifo lili ndi loko mmodzi yekha, ndipo mtima sunakhazikike. Ndinatuluka mwakachetechete, n'kukabwereka loko wa pakhola la nkhuku za mayi a Tadala, kuti ndibweza kukacha. Cha m'ma 2 koloko kunamveka phokoso panja. Ndinalumpha pabedi n'kukumbatira thanki, ndipo ndinakhala choncho mpaka kunja kutayera. A Nalifo anacha bwino, opanda ndi chikanda chomwe. Nkhuku 11 ndi tambala zinapita.

Mayi a Tadala sanalankhule. Anavala chitenje n'kupita okha ku polisi, wapansi, atakana kuti mkazi mnzawo awanyamule. Anapeza bwana omwe aja. Akuti anatsegula chibuku, nayesa bolopeni pachikhatho.

"Nanga mayi, inu mukuganizira ndani?"

Mayi a Tadala anatchula dzina langa lonse, ndi la a Nalifo lomwe.