Fumbi Ndiwe Mwini, Ngakhale Kumwamba

Mwezi wa Okutobala, munthu ukatsika kabaza pa Guilleme umakhala utafiira mpaka nsidze. Tsiku lina nditadandaula, mnyamata wa njingayo anangoseka: "Bwana, fumbi ndiwe mwini." Ndinafuna kumuuza kuti makolo ankanena za wovina pabwalo, amene amapalasa yekha kuti anthu amuone, pamene fumbi langali linali la lole ya mtedza imene tinkaitsatira. Koma m'kamwa munali mutadzaza dothi.

Usiku wake magetsi atathima ndinakhala pakhonde n'kuyang'ana Mlalang'amba. Uli ndi mizere yakuda pakati, ngati wina anaupaka mwaye. Limenelo ndi fumbi, likuphimba nyenyezi za kuseri. Akatswiri amati mu mlalang'amba wathuwu, pa makilogalamu pafupifupi 100 a mpweya woyandama pakati pa nyenyezi pamakhala kilogalamu imodzi ya fumbi. Muyezo umenewu wakabaza uja angaunyoze.

Chakumwera kumaoneka timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo, ta Magellan. Ndi milalang'amba ing'onoing'ono, aneba athu, ndipo kakang'onoko fumbi lake n'lochepa kangapo poyerekeza ndi lathu. Kwina kutali kuli kena kotchedwa I Zwicky 18, kumene ngakhale mutasefa makilogalamu 1,000 a mpweya simungadzaze kilogalamu. Kaukhondo ngati mlendo wa ku Area 10 amene sanatsike m'galimoto.

Apa mpamene mwambi uja unandigwira. Mpweya wa haidrojeni mlalang'amba uliwonse unaulandira chabe pachiyambi, ngati munda wamasiye. Fumbi lokha saligawa. Nyenyezi ziyenera kuphika kaboni, silikoni ndi chitsulo m'mimba mwake, kenako zikakalamba kapena kuphulika, n'kuzilavula. Imene inaoneka ikuphulika mu 1987 mu mtambo waukulu wa Magellan inasiya fumbi lolemera ngati theka la dzuwa. Gule wotero sanaonekepo ku Mchinji kuno! Choncho mlalang'amba wambuu ndi umene wavina mibadwomibadwo, ndipo woyera mbee uja sunalowe bwino m'bwalo, kapena ndi wochepa mphamvu moti chimene nyenyezi zake zalavula chimauluzika n'kuthawa.

Dziko lomwe tikulimapo fodya ndi soya linaumbika ndi fumbi lomwelo. Ansembe a pa mishoni pano amatikumbutsa za fumbi Lachitatu la Phulusa lililonse, popanda makina oonera kutali.

M'mawa ndinawafotokozera mayi a kunyumba zonsezi, kuti malaya anga ofiirawo ndi umboni wa mlalang'amba wokhwima. Anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula. Kenako anandibweretsera beseni, sopo ndi malaya aja.

"Bambo," anatero, "paja mwati mwini wake ndani?"