Chakudza Sichiimba Ng'oma, Koma ku Kabwe Ng'oma Zimalira

Mawu a Chingerezi akuti launch adalowa m'kamwa mwa anthu a ku Kabwe, tauni ya ku Zambia, kudzera pa wailesi ndi m'makalata oitanira anthu ku misonkhano, ndipo lero amatchulidwa ngakhale ndi amayi ogulitsa tomato pamsika. Kalekale mawuwa ankanena za kuponya mkondo. Kenaka adasamukira kunyanja, n'kumatanthauza kukankhira chombo chatsopano m'madzi. Pamenepo panalibe chinyengo: chombo chikakankhidwa, chinkayandama kapena kumira anthu onse akuona, mlendo wolemekezeka asanatsanzike n'komwe.

Zombo zopita kuthambo zitabwera, mawuwa adakwera nazo. Zambia siidatsalire. Mu 1964, chaka cha ufulu, Edward Mukuka Nkoloso, yemwe adali mphunzitsi wa sayansi, adalengeza kuti atumiza anthu ku mwezi Amereka ndi Russia asanafikeko. Ophunzira ake ankawalowetsa m'migolo ya mafuta n'kuwagubuduza pachitunda kuti azolowere za m'mwamba. Chombocho sichidanyamuke, koma mbiri yake idafika kutali kuposa ya zombo zambiri zomwe zidanyamukadi.

Tanthauzo lachitatu ndi la amalonda: kuonetsa kwa anthu chinthu chatsopano, kaya ndi buku, chimbale cha kwaya ya ku tchalitchi, foni, kapena mfundo za chipani chisankho chikayandikira. Lachinayi, lomwe lakula kuposa onse, ndi mwambo weniweniwo. Chichewa chili ndi mawu ake, monga kuyamba, kutsegulira ndi kukhazikitsa, koma onsewa ali ndi vuto limodzi: amafuna kuti chinthucho chikhalepo. Munthu sangatsegulire chitseko cha nyumba yosamangidwa. Launch alibe nkhawa imeneyo. Amatheka pathengo, bola pakhale tenti.

Apa ndi pamene mawuwa amakumana ndi mwambi wa makolo wakuti chakudza sichiimba ng'oma. Akale ankatanthauza kuti chimene chikubwera sichichenjeza: njala, matenda, mlendo, ngakhale mwayi, zimangofika anthu ali phee. Unali mwambi wophunzitsa kukonzeka. Masiku ano wapeza ntchito ina, pakuti ukawerengedwa chobwerera umanena kuti chimene chaimbiridwa ng'oma kwambiri n'chokayikitsa kudza kwake.

Mwambo wa launch uli ndi dongosolo lake losasintha. Udzu umatchetchedwa dzulo lake, miyala ya m'mbali mwa msewu n'kupakidwa laimu mpaka pamene maso a mlendo angafike. Mipando ya kutsogolo imakhala yawofowofo, ya kumbuyo yapulasitiki, ndipo eni dera amaimirira padzuwa. Ana asukulu amafika 8 koloko m'mawa, mlendo wolemekezeka amafika dzuwa litapendeka. Woyendetsa mwambo amayesa chokuzira mawu kwa ola lathunthu. Wolankhula aliyense amayamba ndi kutchula maudindo a onse okhala kutsogolo, mmodzimmodzi, kotero kuti akamafika pa nkhani yeniyeni ya mjigo kapena mlatho, mpweya wamuthera. Kenaka bwana amavekedwa chipewa cha omanga chimene sichinakhudzepo fumbi, amapatsidwa fosholo yomangidwa riboni, n'kukumba dothi lokwana mbale imodzi. Amayi amalulutira. Fosholoyo imabwezedwa m'galimoto, poti ikufunikanso mawa kwina. Anthu ambiri akamatchula launch amamveka ngati akuti lunch, ndipo akatswiri a chilankhulo asafulumire kuwakonza, chifukwa pa miyambo yambiri chakudyacho ndiye gawo lokhalo limene limatha pa tsiku lolonjezedwa.

Mbiri ya Kabwe ikagawidwa pawiri, zodza ndi ng'oma ndi zodza mwakachetechete, mbali yachiwiri imalemera. Mu 1902 T.G. Davey adapeza miyala ya mtovu ndi zinki pamalopa, n'kupatcha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Panalibe tenti. Njanji idafika mu 1906, ndipo mpaka lero likulu la Zambia Railways lili m'tauni muno. Mu 1921 ogwira ntchito m'mgodi adafukula chigaza cha munthu wamakedzana, chomwe chidatchukitsa Broken Hill dziko lonse. Mwini chigazacho adadikira zaka zikwi mazanamazana osaitanitsa wojambula zithunzi, ndipo atatuluka adangotengedwa kupita ku London, komwe akusungidwabe ku Natural History Museum. Mu 1972 Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors adagoletsa zigoli 107 m'chaka chimodzi. Sadaitane atolankhani mu Januwale kuti adzaone akudula riboni pagolo.

Chodza mwakachetechete choopsa kuposa zonse ndi fumbi la mtovu. Mgodi udatsekedwa mu 1994, koma fumbilo lidatsala m'dothi la Kasanda, Makululu ndi Chowa, momwe ana amasewera, ndipo mulu wa zinyalala za mgodi wotchedwa Black Mountain udakalipo. Palibe adalengeza tsiku limene mtovu udayamba kulowa m'magazi a ana. Apa mwambi uja ukugwira ntchito monga momwe akale adaupangira, ndipo palibe choseketsa.

Kunena chilungamo, ng'oma zina zidalira chinthu n'kudzadi. Malo opangira magetsi pa mtsinje wa Mulungushi adatsegulidwa mu 1925 ndi Prince of Wales, ndipo madzi ake akupukusabe makina. Pa thanthwe la Mulungushi, kumpoto kwa tauni, Pulezidenti Kenneth Kaunda adalengeza mu 1968 kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, ndipo lidatengadi; ngati zidathandiza kapena ayi, akuluakulu akukanganabe pa bawo. Mulungushi University nayo idakhazikitsidwa mu 2008 ndipo ophunzira akumaliza maphunziro chaka ndi chaka.

Koma mwana wotchuka wa launch ndi relaunch, kutanthauza kuyambanso chimene chidayambidwa kale, ndipo Kabwe amamudziwa bwino. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi Textiles idamangidwa ndi thandizo la China, n'kuyamba ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Idafooka, idadzutsidwa mu 1997 pa mgwirizano wa Zambia ndi China, ndipo patapita zaka pafupifupi khumi makina adaimanso. Mu Ogasiti 2016, masiku ochepa chisankho chisanachitike, Pulezidenti Edgar Lungu adabwera kudzaitsegulanso. Ng'oma zidalira, koma nsalu sizidasefukire m'misika monga momwe anthu ankayembekezera. Kwa zaka zambiri fakitaleyi idatulutsa malonjezo ochuluka kuposa zitenje. Msewu wa mbali ziwiri wochokera ku Lusaka kupita ku Ndola, umene umadutsa dera la Kabwe, nawo udaona fosholo ya riboni mu 2017, kenaka n'kuionanso mu 2024 pansi pa Pulezidenti Hakainde Hichilema. Oyendetsa mathiraki adapitiriza kuzemba maenje pakati pa miyambo iwiriyo.

Matenda a launch satha ndi boma lokha. Mnyamata wogula makina ometera amachita launch ya shopu yake, ndalama ya lendi n'kuthera pa zakumwa ndi woimba nyimbo. Kwaya imachita launch ya chimbale cha nyimbo zisanu ndi imodzi, ndipo mlendo wolemekezeka amasankhidwa poyang'ana kukula kwa thumba lake, poti chimbale choyamba chimagulidwa pa mtengo wa mbuzi. Magulu a amayi osungitsana ndalama, omwe amayamba pansi pa mtengo wa mango ndi kope limodzi ndi bolopeni, kawirikawiri amakhalitsa kuposa onsewa.

Pa kagwiritsidwe ntchito kake, launch amayenda ndi nthawi ya m'tsogolo: "tidzamanga", "tidzalemba ntchito", "posachedwapa". Mawu a Chingerezi onena za kumaliza ntchito ndi kuipereka kwa eni ake aliponso, koma sadazike mizu m'kamwa mwa anthu chimodzimodzi, chifukwa mwayi wowamva umapezeka kamodzikamodzi. N'chifukwa chake munthu wa ku Kabwe akamva zokuzira mawu zikuyesedwa m'mawa, funso lake loyamba silikhala lakuti kukubwera chiyani. Amafunsa ngati chisankho chayandikira.