Malangizo kwa Timu Imene Yaitanidwa ku Chikho cha Kagame

Popeza masiku ano anzathu a kum'mawa kwa Africa ayambanso kutikumbukira, natumiza makalata oitana matimu a kuno kwathu ndi a ku Zambia kuti akasewere nawo mumpikisano wawo wa makalabu, umene bungwe la CECAFA lidauyamba m'chaka cha 1974, umenenso kuyambira 2002 umatchulidwa ndi dzina la Paul Kagame, mtsogoleri wa dziko la Rwanda, pakuti ndiye adavomera kumaponyapo ndalama za mphotho, ndaona kuti n'koyenera kuti wina akulangizeni inu akuluakulu a makomiti, a wapampando, a mlembi ndi a msungichuma, za mayendedwe oyenera paulendo wotere, mungakatichititse manyazi pamaso pa mitundu ya anthu. Za kamenyedwe ka mpira sindinenapo kanthu, pakuti zimenezo n'za anyamata ndi mphunzitsi wawo, ndipo n'zazing'ono pankhani yonseyi.

Kalata ikafika musathamangire kugula matikiti a ndege, koma yambani mwafunsitsa ngati mpikisanowo uliko ndithu chaka chimenecho. Chifukwa chikho chimenechi n'chokonda tulo, kotero kuti mu 2016 ndi 2017 sichidadzuke, mu 2020 chidabisala mliri, ndipo mu 2022 ndi 2023 chidagonanso popanda wochigwedeza. Komabe kalatayo muisunge bwino, muionetse kwa atolankhani ndi kwa neba wanu, pakuti ulemu wa kuitanidwa sulira mafuta a galimoto, ndiponso timu imene idaitanidwa ku mpikisano wosachitika ikhoza kulumbira pamaso pa aliyense kuti kunja sidagonjeko.

Mukatsimikiza kuti ulendo ulipo, khalani pansi muphunzire mwambo umene makolo anu adakusiyirani. Kale sitidali alendo kumeneko, tidali a m'nyumba momwemo, tisanasamukire ku COSAFA, ndipo timu ya dziko lathu idatengako chikho cha maiko mu 1978, 1979 ndi 1988; koma pa chikho cha makalabu makolo athu adasankha njira ya kudzichepetsa. Mu 1980 mpikisanowu udachitikira kuno ku Malawi, ndipo ife, titasesa pabwalo, titayala mphasa ndi kuphikira alendo, tidakhala pambali mwaulemu kuonerera matimu awiri a mumzinda umodzi wa Nairobi, ndiwo Gor Mahia ndi Abaluhya, imene lero itchedwa AFC Leopards, akulimbirana chikho pakhomo pathu. Mu 1983 ADMARC Tigers idafika ndime yotsiriza, nigonja kwa AFC Leopards yomweyo ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Ndipo zitapita zaka 38, mu 2021, Nyasa Big Bullets, ili mlendo ku Dar es Salaam, idayenda njira yonse kufikira pakhomo penipeni, nisiyira Express ya ku Uganda chikhocho ndi chigoli chimodzi chokha. Umenewu ndiwo mwambo wathu, pakuti mlendo ndi mame: adya, athokoza, natsazika m'mawa. Musatengere chitsanzo choipa cha Red Arrows ya ku Lusaka, imene mu 2024, itaitanidwa mwachifundo, idakangana ndi APR ya ku Kigali kufikira mapenate, nipambana 10-9, ninyamula chikho kunka nacho ku dziko limene sililinso m'bungwelo, monga mlendo amene atakhuta nsima anyamula ndi mphika womwe.

Tsono za ndalama. Mphotho imene yakhala ikuperekedwa ndi madola 60,000, ogawidwa patatu: 30,000 kwa woyamba, 20,000 kwa wachiwiri ndi 10,000 kwa wachitatu, ndipo munthu wosadziwa kuwerengera angayese kuti ndi chuma chambiri, kufikira ataona mtengo wa ndege ndi chiwerengero cha mitu yofuna kukwera. Pamenepa mufunika nzeru. Lamulo la mpira linena kuti pabwalo pakhale anyamata khumi ndi mmodzi, koma silinena kanthu za mipando yotsala m'ndege, ndipo imeneyo, mwa chilungamo chonse, ndi ya komiti. Pakhale mtsogoleri wa ulendo, wachiwiri wake, wonyamula chikwama cha wachiwiriyo, mkulu wa masapota, ndi mlamu wa a wapampando, amene sadaonepo nyanja yamchere chibadwire. Malo akachepa, goloboyi wachiwiri atsale, popeza ntchito yake ndi kukhala pabenchi, ndipo mabenchi kuno kwathu aliko.

Muwadziwenso anthu amene mukakomane nawo, chifukwa ambiri a matimu a kumeneko ali ndi eni ake oopsa. APR ndi ya asilikali. Red Arrows ndi ya ankhondo a m'mlengalenga. Police ya ku Uganda, imene idatenga chikho mu 2006, dzina lake lidzinenera lokha. KCCA ndi ya khonsolo ya mzinda wa Kampala, ndipo Tusker ndi ya ofulula mowa. Potero anyamata anu muwachenjeze kuti asanachite chipongwe pabwalo ayambe afunsa kuti mnzawoyo agwira ntchito yanji, pakuti kutchera mwendo wofulula mowa ndi kutchera mwendo msilikali si mlandu umodzi. Idalikonso Atraco ya ku Rwanda, timu ya bungwe la eni maminibasi, imene mu 2009 idagonjetsa Al-Merrikh kwawo komwe ku Sudan nitenga chikho, ndipo chaka chotsatira idatha, osaonekanso. Nkhani imeneyi muifotokozere wosewera aliyense amene muona kuti mtima wake watentha ndi kufuna kupambana.

Za asing'anga ndinena monong'ona, popeza aliyense akana kuti sawadziwa, ngakhale kuti m'buku la msungichuma mumapezeka mzere wa ndalama zotchedwa zokonzekera masewero, umene sukhala ndi lisiti. Kumbukirani kuti Gor Mahia idatenga dzina la munthu wamatsenga wotchuka pakati pa Aluo, kotero kuti pamene inu mubisa nkhalamba yanu kumpando wa kumbuyo, anzanu yawo adailemba pachifuwa. Komabe yanuyo musaisiye, pakuti ikakuthandizani pobwera: mukagonja idzafotokozera masapota kuti mankhwala akaoloka mtsinje amasukuluka, ndipo mtsinje wa Songwe uli pamalire pomwepo, woti aliyense wokayika apite akauone.

Ilipo njira ina yolemekezeka koposa zonse, imene akuluakulu a mpikisanowu adatiphunzitsa, ndiyo ya kusapita. Mu 2013, pamene masewero adaikidwa ku Darfur ndi ku South Kordofan m'dziko la Sudan, Simba ndi Young Africans za ku Tanzania zidakana kupita poopa nkhondo, ndipo Vital'O ya ku Burundi idapita nibwera ndi chikho. Koma kufikira lero palibe angatsutse wochemerera Simba akanena kuti akadapita akadachitenga. Mu 2014 Young Africans idayesa nzeru ina, yofuna kutumiza ku Kigali anyamata achiwiri ndi kusunga akatswiri kunyumba, ndipo eni mpikisano adaichotsa naika Azam m'malo mwake. Nzeru imeneyi inu musaiyese, pakuti kuti munthu atumize timu yachiwiri ayenera kukhala nayo.

Koma ngati mwapita ndithu, ndipo zakuvutani, musadikire kuti mluzu wotsiriza ulire ndiye muyambe kufunafuna chonena. Zifukwa za kugonja zilongedzedwe pamodzi ndi majezi musananyamuke, ndipo a mlembi azisunge m'chikwama chawo. Dzuwa la ku Dar es Salaam lilipo chaka chonse ndipo silikana mlandu. Ugali wa kumeneko ngwolimba kuposa nsima yathu, matoke a ku Kampala sakhalitsa m'mimba, ndipo kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna. Woimbira adalankhula Chiswahili ndi kaputeni wa anzathu, naseka, ndipo chimene adaseka sitichidziwa. Koposa zonsezi muli nawo mawu aja okalamba amene sadakhumudwitsepo komiti iliyonse, akuti tidapita kukaphunzira. Pakuti sukulu imeneyi ilibe mayeso, ndipo palibe mtolankhani adafunsapo kuti ophunzira ake adzatsiriza liti. Mukhozanso kunena, ndipo apa mudzakhala mukunena zoona, kuti eni ake ambiri amautenga mpikisanowu ngati wongokonzekera masewero a CAF. Chokhacho musamale, kuti mawu amenewa anenedwe mutagonja, chifukwa mukapambana chikho chomwecho chisanduka chachikulu koposa zonse za pansi pa thambo.

Kabweredwe nako kafuna luso. Mukabwera ndi mendulo, tsikirani pa Chileka dzuwa lili pamutu, lole ya masapota itadziwitsidwa kale, ndipo a wapampando ndiwo atsogole kutuluka, atanyamula chilichonse chonyezimira, anyamata akudza pambuyo ndi akatundu. Mukabwera chimanjamanja, dzerani pamtunda, njira ya Morogoro, Iringa ndi Mbeya, imene ili yaitali kokwanira kuti mkwiyo wa anthu uzizire. Muoloke pa Songwe, mugone pa Karonga, ndipo mulowe mumzinda usiku, awiriawiri, mphunzitsi atavala chipewa. M'mawa mwake muitane atolankhani ndi kulengeza kuti mwakhazikitsa komiti yofufuza chimene chidachitika, ndipo mamembala ake akhale omwe aja adali m'ndege, popeza ndiwo adaona ndi maso.

Anyamata akayamba kufunsa za maalawansi awo, monga achitira nthawi zonse ana osaleredwa bwino, muwauze mofatsa kuti ndalamazo zili m'madola, kuti madola ayenda pang'onopang'ono pakati pa mabanki a maiko awiri, ndi kuti a msungichuma apita kumaliro kumudzi ndipo abwera sabata yamawa. Akaumirira, muwakumbutse kuti Loweruka kuli masewero a ligi, ndi kuti amene adandaula kwambiri ndiye adzayambire pabenchi.