Ulemu upite kwa kasikuluu ka ku Yofu

Pa Likoma sitisowa zonyadira. Tili ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Chipyela, chimene amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903. Tili ndi Ilala, agogo a panyanja amene akhala akutibereka kumsana kuyambira 1951. Tili ndi malambe amene anaona makolo a makolo athu akuyanika usipa. Zonsezo ziyambe zadikira. Lero ndavula chipewa pamaso pa mfumu ina, yotalika mamilimita 3 basi, imene ikulamulira m'kompyuta ya mwana wa mlongo wanga kuno ku Yofu.

Mnyamatayu amajambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya. Laputopu yake yakale inkati ikamamaliza kukonza vidiyo ya ukwati umodzi, mkwatibwi ali kale ndi mwana kumsana. Ndiye anaganiza zolumikiza yekha kompyuta yamphamvu, chiwalo ndi chiwalo, ndipo kwa miyezi itatu tinkadya kondowole ndiwo yake ili ulaliki wa mosungira zinthu.

"Amalume, mvetsetsani," iye uja nsima ili m'manja. "Hard drive ndi bwato wopalasa. Mbale zake zimazungulira ka 7,200 pa mphindi, koma ikalimbikira imangofika cha m'ma MB 200 pa sekondi. SSD ya SATA ndi boti la injini, imafika 550. Koma NVMe ya PCIe 4.0, amalume, imeneyo ndi ndege: mpaka 7,000!"

Ine n'kumangogwedeza mutu. Mnzake wina anamulangiza kuti amange ma drive awiri pamodzi, ati RAID 0, kuti liwiro liwirikize. Anakana. Akuti kumeneko n'kumangirira mabwato awiri chingwe chimodzi mwera ukuomba: wina ukamira, umakokera unzake pansi, maukwati onse a chaka chathunthu n'kupita. Anasankha NVMe ya 1TB yokhalamo Windows ndi ntchito imene ali nayo m'manja, hard drive ya 4TB kukhala nkhokwe ya mavidiyo otha, ndi ina yapadera imene imagona kunyumba kwanga, kuopa kuti tsiku lina denga lake lingadonthe.

Katunduyo anachoka ku Johannesburg pa basi, n'kufika ku Mzuzu, kutsikira ku Nkhata Bay, kenako pa Ilala pakati pa matumba a chimanga ndi makireti a zakumwa. Titatsegula bokosi la NVMe yotchukayo ndinaseka. Kanthu kake n'kofanana ndi usipa wouma: mamilimita 22 m'lifupi, 80 m'litali, n'chifukwa chake amakatcha 2280. Amakalowetsa mopendeketsa pa motherboard, ndipo ukakasiya kamadzutsa mchira ngati nsomba yokana kufa. Kuti kagone pansi pamafunika kasikuluu kamodzi. Kamodzi kokha.

Kanali m'kathumba kapulasitiki m'bokosi la motherboard. Mnyamata anakatola ndi zala zonyowa ndi thukuta. Kanapulumuka, kanati tii pa simenti ya pakhonde, n'kudumphira mumchenga.

Amene anafikako ku Yofu akudziwa kuti mchenga wathu ulibe malire. Tinayesa sikuluu ya pa wailesi, inanenepa. Ya pa magalasi anga owerengera, inaonda. Kukafuna ina ku Mzuzu ndiye kudikira Ilala sabata yathunthu, kulipira ulendo wopita ndi wobwerera chifukwa cha chinthu chimene nkhuku ingameze osadziwa n'komwe. Apo m'pamene ndinazindikira amene ali wamkulu m'nyumbamo. Pulosesa yodula ya kompyutayo inangokhala duu. Ndege ya 7,000 ija inali itaimika mchira m'mwamba, ikudikira bwana.

Inu a Kasikuluu, ndani angafanane nanu? Mu 1956 kampani ya IBM inatulutsa hard drive yoyamba, ya makina a RAMAC: mbale 50, kulemera pafupifupi tani, koma yosakwana kusunga ngakhale nyimbo ziwiri za kwaya. Anthu ophunzira anatha zaka zoposa 50 akuchepetsa chilombo chimenecho mpaka chinafanana ndi usipa, ndipo atamaliza anabwera kudzagwada kwa inu kuti muchigwire mchira. Pa bokosi analemba mayina a ena m'zilembo zagolide, lanu palibe. Simunadandaule. Simufuna magetsi, simufuna intaneti, simupempha alawansi, simunapiteko ku msonkhano wa ku Mangochi. Mukamangidwa kamodzi mumagwira ntchito usana ndi usiku, kutentha kwa mwezi wa Novembala kuli pamutu panu. Nsanamira za St Peter's zimasenza denga zili zambirimbiri, zikuthandizana. Inu mumasenza maukwati a ku Yofu, ku Makulawe ndi ku Nkhwazi muli nokhanokha.

Ndamva kuti ma motherboard ena atsopano, monga a ASUS, aika kachingwinjiri kapulasitiki kongotembenuza ndi chala m'malo mwanu. Ndi mwano umenewo. Mfumu siilowedwa m'malo ndi pulasitiki.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlongo wanga anabweretsa sefa ya ufa, ana a pamudzi anagwada mumzere ngati pa Ukaristia, ndipo tinasefa bwalo lonse mpaka dzuwa linapendekera ku Chizumulu. Anatipulumutsa ndi kamtsikana ka sitandade 4, kamene kanachotsa maginito pa sipika yakufa n'kumawakoka ndi ulusi mumchenga. Anatola misomali iwiri, mbedza yadzimbiri, ndipo pambali pa mbedzayo panali mfumu yathu, ili phee, ngati palibe chachitika. Amayi analuluta. Kamtsikanako kanalandira Fanta.

Madzulo omwewo kompyuta inayaka, ndipo Windows inatseguka ndisanamalize kukoka mpando.

Ndiye inu amene mukulumikiza kompyuta kuno kuchilumba, kanganani za NVMe ndi SATA mmene mungathere, koma kathumba kapulasitiki kaja katsegulireni m'mbale yansima, m'nyumba, chitseko chili chotseka.